Dzanja Lothira Mchere

Bairro Mateus Sansão Muthemba, Tete
9 de Setembro de 2023

Mana Arminda,

Landirani moni wochokera kuno kotentha. Kaya mwadzuka bwanji inu, alamu anga ndi ana onse ku Domwe? Musadabwe kuti mlongo wanu wayamba kulemba makalata ngati nthawi ija tinali othawa nkhondo ku Malawi. Foni ndili nayo, koma pakamwa ndiye palibe. Ndikati ndiyankhule mawu atatu okha, lilime limachita ngati ndalipaka tsabola. Ndiye ndapempha Leonildo, uja amatibweretsera kachewere pa kamiyawo, lole yake ija, kuti azitinyamulira mapepalawa.

Paja munamva kuti chotupa chija anachichotsa m'matumbo ndipo dotolo anati ndi khansa. Tsopano akundipatsa mankhwala odzera m'soro, diripi ija, iwo amati kimiyo, oti atsirize zotsalira. Mankhwalawo ndi aukali, mana, ndipo sasankha. Akamawotcha matenda amawotchanso khungu lofewa la m'kamwa, kutsika kukhosi mpaka m'mimba monse. Anandichenjeza ndisanayambe. Dzino lobowoka lija anazula kuti lisadzachite mafinya, ndipo pondiika soro amandipatsa tizidutswa ta jelo, madzi oundana aja, kuti ndizivumata, akuti kuzizirako kumachepetsa zilonda. Komabe zabwera. M'mimba namo mwatseguka, moti thalauza ndikuchita kumangira chingwe. Mapazi atupa pang'ono ndipo ndikutsokomola.

Pakadapanda amake Mphatso, Dulce wanga, bwenzi mutandiika kale. Mwana tinamutumiza kwa agogo ake ku Tsangano kuti iwo azisamala ine ndekha. Amawiritsa madzi, akazizira amathiramo mchere ndi bikarbonato, soda uja, nkumandichukuchitsa m'kamwa ndikangotha kudya ndiponso pogona. Dzanja lawo limadziwa muyeso, madziwo sawawa. Anandigulira kamswachi kofewa ka ana, ndipo phala amaliyembekeza lizizire asanandipatse. Malambe, mandimu ndi piripiri anandiletsa. Zonsezi anawaphunzitsa ndi enfermeiro wina, namwino wamwamuna wa kuchipatala, dzina lake Amadeu, munthu wabwino zedi. Anawapatsa nambala yake, amaimbirana ngakhale madzulo, ndipo nthawi zina amapita okha kuchipatala kukatenga mankhwala opaka nkuchedwerako ndithu.

Akachoka choncho m'nyumba muno mumangoti zii. Anzanga a kumsika, ku merkado kuja, anabwera masiku oyamba okha. Oyandikana nawo ndi Anyungwe, amandilonjera kudzera pampanda nkupitiriza zawo. Ndasowa munthu wondinamiza nkhani zakumudzi.

Munditumizireko uchi ndi ufa woyera. Mundiuzenso za dimba lija, ndi ng'ombe yathu yopunduka nyanga ngati inabereka.

Ndine mlongo wanu,
Basílio

Domwe
17 de Setembro de 2023

Basílio mlongo wanga,

Kuno tonse tili bwino, ng'ombe inabereka yaikazi. Uchi ndi ufa ndapatsira Leonildo. Koma kalata yako ndaiwerenga katatu, ndipo yandiopsa.

Iwe unachoka kumudzi ukadali mnyamata, zambiri unaziiwala. Ine ndine mkulu wako, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Tawerenga wekha zimene walemba. Mapazi kutupa, chifuwa, kuwonda, m'mimba kutseguka. Kodi amalume a Francisco anapita bwanji tili ku Malawi kuja? Si momwemo? Aliyense anadziwa kuti unali mdulo. Mkazi akayenda kumbali ndi mwamuna wina, nkubwera kudzathira mchere m'chakudya cha mwamuna wake, amamudula, ndipo amatha pang'onopang'ono achipatala akungoyang'ana. Tsono iwe si m'ndiwo mokha. Akukuthirira mchere m'mawa, masana ndi madzulo, kuchita kukumwetsa. Ndipo wandiuza wekha za mwamuna woimba foni madzulo.

Sindikunena kuti ndamugwira mlamu wanga. Ndikungoti amayi anatisiya awiri, ndipo sindikufuna kutsala ndekha. Mcherewo uzithira wekha. Ndaikamo mizu mu ufamo, uwiritse uzimwa.

Chinanso, kumapeto a mwezi uno tikumanga chiliza cha amayi. Iwe sungayende, ndiye utumize mkazi wako adzaimire banja lanu. Adzangogona kawiri nkubwerera.

Ndine mlongo wako,
Arminda

Tete
25 de Setembro de 2023

Mana Arminda,

Uchi wafika, zikomo. Ndikanakhala ndi pakamwa pabwino ndikanaseka mpaka kugwa pampando. Inu mana, mdulo wake uti? Matenda anga ali ndi dzina, ali ndi pepala, chotupa ndinachiona ndi maso m'kabotolo. Madziwo sindimwa ayi, ndimachukucha nkulavula. Mizu ija sindinawiritse, chifukwa kuchipatala anatiletsa kusakaniza mankhwala pamene m'mimba muli zilonda.

Komabe mawu anu andisowetsa tulo, sindinama. Munthu ukamadwala, chilichonse chimalowa m'mutu. Ndiye kuti mtima wanu ukhale pansi, mchere ndayamba kuthira ndekha. Amake Mphatso sindinawauze chifukwa chake, ndipo inunso musakawauze kanthu.

Akwera chapa, minibasi ija, Lachisanu. Andiphikiratu zoti ndizingotenthetsa. Musawachedwetse, kimiyo wina ali pafupi.

Basílio

Tete
14 de Outubro de 2023

Mana Arminda,

Moni ndikupereka, koma mtima suli m'malo. Kodi Dulce ali kuti? Munati agona kawiri. Mwezi wapita pakati, foni yawo ndi yotseka, yanu mukungoidula. Leonildo ndikamufunsa akuyang'ana matayala a kamiyawo, akuti iye za m'mabanja sadziwa.

Kimiyo uja ndinapita ndekha. Anzanga onse pabenchi paja anali ndi wowagwirira thumba, ine ndinaika langa pamiyendo. Patapita masiku ochepa m'kamwa munaphulika kuposa kale. Madzi aja ndikusakaniza ndekha, koma dzanja langa ndi la masaka a kachewere. Tsiku lina ndinachulutsa mchere, unandiwotcha mpaka misozi, ndiye ndinangosiya osachukuchanso. Mswachi nawo ndinausiya chifukwa nkhama zinkatuluka magazi. Lilime linayera ngati ndamwaza ufa. Ngakhale malovu anga omwe ndinkawaopa kumeza.

Kenaka thupi linatentha. Ndinkati ndi kutentha kwa Tete kuno, paja mwezi uno ngakhale abuluzi amabisala. Mayi woyandikana nane ndi amene anaona kuti chitseko sichinatsegulidwe, nkuitana njinga yamoto. Ndagona kuchipatala masiku angapo, akundithira madzi m'mitsempha. Amadeu yemwe uja anandikalipira ngati mwana, akuti munthu wa kimiyo thupi likatentha sadikira kuti kuche. Anandifunsa kuti dona Dulce ali kuti, ine ndinangoloza pakamwa ngati ndikulephera kuyankha.

Dotolo waimitsa kimiyo wotsatira. Akuti sangandipatse mpaka m'kamwa mupole ndiyambe kudya, ndipo tikachedwa kwambiri khansa ija sidikira munthu.

Tsopano ndabwerera kunyumba. Chitenje chawo chili pachingwe pomwe anachisiya, sindinachianule. Madzulo ndimakhala pakhonde kumvetsera ma chapa akutsitsa anthu kumsewu, wina aliyense akulowa pakhomo pake. Mana, ndiuzeni zoona. Munawatani?

Basílio

Domwe
20 de Outubro de 2023

Basílio,

Tili bwino, chiliza chinatha ndipo chaoneka bwino. Za kudwala kwako ndamva, ndalira. Koma usandiyankhule ngati ndapha munthu.

Mwambo utatha tinaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti nkhani imveke poyera, monga timachitira. Palibe anamumenya, palibe anamutukwana. Ndinawerenga makalata ako onse awiri kuti anthu amve kuti si ine ndapeka. Poyamba ankayankha, mwina nkuseka kumene. Nditafika pamene unalemba kuti mchere wayamba kuthira wekha, kuseka konse kunatha. Ankhoswe anafunsa, iye osayankha. M'mawa mwake tinapeza wanyamuka, wapita kwawo ku Tsangano.

Nanga munthu wosalakwa amathawa bwalo? Ine ndinachita zimene mlongo aliyense akanachita. Ndikanabwera kudzakusamala, koma alamu ako nawo miyendo yawagwira, ndipo feteleza sitinagule. Imwa mizu ija, Basílio, usachite makani.

Arminda

Tsangano
29 de Outubro de 2023

Bambo a Mphatso,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani mukupuma. Ine ndili bwino, Mphatso ali bwino, wayamba kutchula mawu ambiri. Leonildo anadutsa kuno kudzatenga kabichi, ndi amene wandiuza kuti munagonekedwa. Usiku umenewo sindinadye.

Mwina mukudabwa kuti ndinachokeranji osatsazika. Anandikhazika pamphasa pakati pa anthu, manda a apongozi anga simenti isanaume. Anandifunsa za Amadeu. Ndinaseka, chifukwa inu mukumudziwa, bambo wa imvi uja, wa zidzukulu, amene ankaimba kufunsa ngati thupi lanu latentha ndiponso ngati mwatsegula m'mimba kangati. Ndinawauza kuti kuchipatala ndinkachedwa chifukwa cha mzere wa ku farmasiya, kolandirira mankhwala. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni. Alamu anga amakukondani, ndipo munthu wamantha amagwira chilichonse.

Chimene chinanditseka pakamwa ndi kalata yanu yachiwiri. Mukukumbuka m'mawa uja? Ndinali nditagwira botolo ndi kasupuni, inu munabwera kumbuyo kwanga nkunditenga kasupuniko m'manja, mukuti, "Pumaniko amake Mphatso, mwatopa." Ine ndinapita kuseri kukalira chifukwa cha chisangalalo, ndikuti mwamuna wanga akudwala chonchi koma akundiganizira. Ndinauzanso amayi pafoni. Kenaka ndikumva pabwalo, pamaso pa amalume anga, kuti munkaopa dzanja langa. Dzanja lomwelo limene linkakupukutani mukalephera kufika kuchimbudzi.

Sindinathawe bwalo. Ndinasowa chonena, chifukwa mboni yanga munali inu.

Koma m'kamwa mwanu simunandilakwire. M'kathumba aka muli timapepala topinda, kalikonse kali ndi mchere ndi bikarbonato woyeza kale. M'mawa muziwiritsa madzi, azizire, mudzaze botolo lija la lita, muthiremo kapepala kamodzi. Muzichukucha mukatha kudya chilichonse ndi pogona, osameza, ndipo otsala muzitaya, mawa mupange ena. Mswachi musausiye ngakhale nkhama zikuwawa, muziuviika kaye m'madzi ofunda kuti ufewe. Mankhwala opha ululu aja muzipaka musanadye, osati mutadya, paja mumasokoneza. Milomo muzipaka vaselina. M'mimba mukatseguka muzimwa madzi a m'mapaketi a kuchipatala aja pang'onopang'ono tsiku lonse. Phala muthiremo dzira, ndipo mudikire lizizire, ndikukudziwani kupupuluma kwanu. Akakupatsani kachasu kuti mutsukire zilonda, mukane.

Mchere umenewu ndayeza ndine, ndi dzanja lomwe lija. Ngati mukuliopabe, mlatho suli kutali, mukautaye mu Zambezi.

Za kubwera musandifunse panopa.

Ndine
Dulce

Tete
12 de Novembro de 2023

Mana Arminda,

Moni kwa inu ndi alamu, ndikhulupirira miyendo ija ikupepuka. Kalata ino ndi yaitali pang'ono, muiwerenge nokha, osati pabwalo.

Amake Mphatso anditumizira mchere. Anauyeza okha, kuupinda m'timapepala, nkundiuza kuti ngati ndikuopa dzanja lawo ndikautaye mumtsinje. Ndinakhala nako kathumbako pamiyendo nthawi yaitali. Sindinkaopa ayi. Ndinkachita manyazi, moti ngakhale m'nyumba mopanda munthu ndinkalephera kudzutsa mutu.

Ndinawiritsa madzi, ndinathira, ndinachukucha. Sanawawe, mana. Kuyambira tsiku limenelo sindinadumphitse. Sindikunena kuti mchere wokha ndiwo wandichiza, pakuti dotolo anandipatsanso mankhwala a zoyera za palilime zija, ndipo thupi lapumako ku kimiyo. Koma m'kamwa mukakhala mwaukhondo zilonda zimapeza mpata wopola. Dzulo ndadya nthochi yathunthu ndi mbatata yophwanya. Mapazi aphwa, akuti kunali kusowa chakudya m'thupi. Tsono ndiuzeni, ngati dzanja limenelo ndi lodula, bwanji mchere wake ukundidzutsa? Pamene ndinatsala pang'ono kufa ndi pamene ndinkathira ndekha.

Mizu yanu ndabweza ndi Leonildo. Sindikukukwiyirani nokha. Inu munakolezera moto, koma nkhuni ndinapereka ndine. Ndawalembera amake Mphatso kawiri kupepesa, yankho palibe. Ndikuwamvetsa. Ananyozeka pamaso pa anthu, ndipo kupepesa kwa m'kapepala kobisika sikungachotse zimenezo.

Dotolo akuti kimiyo tiyambirenso kumapeto a mwezi uno, ndipo patsala maulendo angapo. Zilonda zidzabweranso, anandiuziratu. Ine ndikudzidziwa. Ndikadzafika pamene madzi omwe amakhala ngati minga, ndili ndekha m'nyumba muno, ndidzasiya ngati ndinasiyira paja, ndipo ulendo uno mwina woyandikana nane sadzayang'ana chitseko. Timapepala tija tatsala pang'ono kutha. Mchere ku merkado ulipo wambiri, koma si umene ndikusowa.

Munati simufuna kutsala nokha. Ngati ndi zoona, pitani ku Tsangano. Musatume munthu, musalembe kalata. Zimene mukanene kumeneko mukudziwa ndinu.

Mlongo wanu,
Basílio

Domwe
23 de Novembro de 2023

Basílio mlongo wanga,

Moni. Kuno mvula yayamba, tadzala. Kalata yako inandikwiyitsa, ndinaiponya pansi pa bedi, inagona komweko masiku. Kenaka ndinapita.

Ndinakwera njinga yamoto m'matope, msana ukundiwawabe mpaka lero. Ndinatenga nkhoswe wathu, ndinanyamula nkhuku yoyera. Apongozi ako anatilandira ngati okhometsa msonkho. Anatiyalira mphasa panja, anaitana achibale awo onse amene anali pabwalo lija, ndi ena amene sanalipo. Mphatso wakula, wafanana ndi amayi athu pamphumi, ndipo anandithawa.

Ndinayankhula. Ndinati ndinamunamizira mlamu wanga, ndinamuitana ponamizira chiliza, ndinamuvula pamaso pa anthu. Mawu amenewo ndi olemera, Basílio, sindinawanenepo kwa munthu chibadwire. Mdulo ulipo, usandiuze kuti kulibe, amalume ndinawaona ndi maso angawa. Koma uwu sunali mdulo, ndipo ndinanena choncho mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve.

Mkazi wako ananyamuka nkupita kukaphika. Nyemba zitapsa anabweretsa mphika pomwe tinakhalapo, ndi chikho cha mchere, nkugwada patsogolo panga. Anati, "Thirani nokha alamu, ndingakuduleni." Ine ndinapinda manja anga kumbuyo, ndinati sindithira, thirani ndinu.

Anatapa dzanja lodzaza nkuponyamo. Anandiyang'ana, anatapanso lina. Anavundula bwinobwino, nkundipakulira ine ndekha mbale yodzaza, ena onse anawapatsa za mumphika wina. Nyemba zimenezo zinali zowawa ngati madzi a m'nyanja yamchere, lilime linachita kuuma, misozi ikutsika yokha. Ndinakumbuka iwe ndi zilonda zako. Ndinadya, mlongo wanga, mpaka ndinapukuta mbale ndi nsima yotsiriza. Apongozi ako ndi amene anayamba kuseka, kenaka anandipatsa madzi.

Potsazikana ndinamufunsa mlamu ngati abwerere ku Tete, ndinamuuza za tsiku la kimiyo. Sanandiyang'ane, ankamanga Mphatso kumbuyo. Tsiku sananene, ndipo ine ndinalibe nkhope yofunsira kawiri. Anangofunsa kuti timapepala tija tatsala tingati. Nditati tatsala pang'ono kutha, anati, "Mukawauze asagule mchere wina."

Ndi zimenezo. Usese m'nyumbamo.

Ndine mlongo wako,
Arminda